Mmene mungadziwire ngati chida chokhazikitsira loboti chikusamalidwabe

Pafupifupi loboti iliyonse yoyendera mapulogalamu a open source ili ndi chida chimene chinayendetsedwa tsiku loyamba kenako n'kuiwalika. Ndicho chinaika madalaivala, chinalemba mafayilo a kasinthidwe, chinapatsa lidar ndi bolodi ya mamota mayina osasintha, chinakonzanso zoti mapulogalamu azidzuka okha loboti ikayatsidwa. MoveIt Setup Assistant ndi chida chotere: imawerenga fayilo ya URDF yofotokoza kapangidwe ka mkono wa loboti n'kutulutsa SRDF, fayilo yowonjezera zofunika poyendetsa mkonowo, pamodzi ndi phukusi lonse la kasinthidwe. robot_upstart ya Clearpath ili m'gulu lomweli, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa fayilo ya launch, yoyambitsa mapulogalamu a loboti, kukhala service ya systemd imene imadzuka yokha makina akayatsidwa. Palinso ma install.sh aja amene amabwera ndi maloboti ogula.

Chida chotere eni ake akachisiya, palibe chimene chimaonetsa. Loboti imayendabe bwinobwino. Vuto limadzatulukira tsiku limene khadi ya SD yafa, kapena pamene mukukhazikitsa loboti yachiwiri, ndipo pa tsiku lotero nthawi yofufuza simukhala nayo. Choncho fufuzani musanayambe kuchidalira, ndipo muzibwereza kamodzi pachaka.

Anthu ambiri amangoyang'ana deti la commit yomaliza (kusintha komaliza kolembedwa mu khodi) n'kugamula. Detilo limapusitsa: chida chakufa chimatha kuoneka chamoyo, chamoyo n'kuoneka chakufa. Mafunso enieni ndi awiri. Kodi alipo munthu wokhala ndi mphamvu yolowetsa zosintha ndi kutulutsa version yatsopano, ndipo akuyankhabe? Nanga chidacho chikugwira ntchito pa Ubuntu ndi ROS (Robot Operating System, mapulogalamu oyendetsera maloboti) zimene zikulandirabe chithandizo? Masitepe ali m'munsiwa akuyankha mafunso awiriwa. Tatengera ROS ndi GitHub chifukwa ndiko kuli zida zambiri zamtunduwu, koma pa GitLab njira yake ndi yomweyo. Mufunika kompyuta ya Linux yokhala ndi git ndi Docker, komanso ola limodzi kapena awiri.

1. Yambani ndi makina anu

Musanatsegule GitHub, yendetsani malamulo anayi awa pa kompyuta ya loboti ndipo mulembe mayankho:

lsb_release -d
printenv ROS_DISTRO
uname -m
python3 --version

Chida sichisamalidwa mwachisawawa, chimasamalidwa pa version inayake. ROS 1 inathera pa Noetic, imene inatuluka mu Meyi 2020 ndipo chithandizo chake chinatha mu Meyi 2025. Palibenso ROS 1 ina imene ikubwera. Ku ROS 2, Foxy inatha mu 2023 ndipo Iron inatha mu 2024. Humble inatuluka mu 2022, imayendera Ubuntu 22.04, ndipo chithandizo chake chikufika Meyi 2027. Jazzy ya 2024 imayendera Ubuntu 24.04 mpaka Meyi 2029. Version yatsopano imatuluka Meyi aliyense: ya chaka chogawika ndi 2 imakhala zaka 5, ya chaka chinacho imakhala pafupifupi chaka ndi theka. Za ROS 2 zonsezi zinalembedwa mu chikalata chotchedwa REP 2000. Gazebo Classic nayo inafika kumapeto mu Januwale 2025.

Chida chimene chimangodziwa Noetic yokha, ngakhale wina atalembamo dzulo, chaima pa maziko amene sakukonzedwanso.

Yankho la uname -m musalinyoze. Ngati ndi aarch64, ndiye kuti muli pa Raspberry Pi, Jetson kapena bolodi ina ya ARM, ndipo osamalira ambiri amayesa pa x86_64 pokha. Pa Jetson pali chomangira china: JetPack 5 imayendera Ubuntu 20.04, JetPack 6 imayendera 22.04, pamene Jetson Nano yoyamba ija inaima pa JetPack 4.6 ndi Ubuntu 18.04. Nthawi zina chimene chakutsekerani pa version yakale ndi bolodi, osati chida.

2. Pezani repo yeniyeni

Onetsetsani kuti mukuyang'ana gwero lenileni. Pansi pa dzina la repo (malo osungira khodi ya pulojekiti), ngati palembedwa "forked from", pitani kumene kwatchulidwako mukafananize. Tsegulani package.xml muone mizere ya url ndi ya maintainer. Fufuzaninso dzina la phukusi pa index.ros.org, pamene pamaoneka repo ndi branch (nthambi ya khodi) zimene version iliyonse ya ROS imatengako khodi. Mapulojekiti amasamuka, ndipo repo yakale imatsala ndi nyenyezi zambiri pamene ntchito ikuchitikira kwina.

Ngati pamwamba pali chikwangwani chonena kuti repo ili archived, yankho mwalipeza kale: palibe angatsegulemo issue (lipoti la vuto kapena funso) kapena pull request (pempho loti zosintha zake zilowetsedwe). Werenganinso mizere yoyambirira ya README kufunafuna mawu ngati deprecated, unmaintained, superseded by, kapena looking for maintainer. Osamalira okhulupirika amanena poyera, ndipo nthawi zambiri amatchula chida cholowa m'malo. Umu ndi mmene zinakhalira ndi wstool, imene anthu anauzidwa kuti aisiye atenge vcstool.

Nyenyezi ndi chiwerengero cha ma fork (makope a repo amene anthu ena apanga) zimangonena za kutchuka kwa kale. Musazilowetse m'chigamulo.

3. Werengani mbiri ya git, koma muiwerenge bwino

Koperani repo yonse ndi git clone, popanda --depth 1, chifukwa mbiri ndiyo mukufuna. Kenako onani ma branch onse motsatira deti:

git for-each-ref --sort=-committerdate refs/remotes --format='%(committerdate:short) %(refname:short)'

Lamuloli limakupulumutsani ku msampha woyamba. Tsamba la GitHub limaonetsa branch imodzi yokha, ndipo mu ROS ndi chizolowezi kukhala ndi branch ya version iliyonse: noetic-devel, humble, jazzy, rolling, ros2. Zimachitika kuti branch yoonekera pamwamba inaima zaka zitatu zapitazo pamene ya ros2 ikulembedwa mwezi uliwonse. Zimachitikanso kuti rolling ili moyo koma humble, imene inu mukugwiritsa ntchito, palibe akubwezerako zokonza. Branch yoyenera kuiweruza ndi ya version yanu.

Msampha wachiwiri ndi repo yaikulu yokhala ndi maphukusi ambiri. MoveIt Setup Assistant, mwachitsanzo, ilibe repo yakeyake, imakhala m'foda mkati mwa moveit2. Repo yotere imalandira ma commit pafupipafupi, koma zimenezo sizikuuzani kanthu za foda imene mukuifuna. Funsani za fodayo payokha:

git log -20 --date=short --format='%cd %an %s' -- dzina_la_foda/

Werengani mitu ya ma commit 20 amenewo umodzi ndi umodzi. Ambiri amakhala osintha nambala ya version, okonza kalembedwe ka khodi mu repo yonse, kapena olemba CHANGELOG. Amenewa amakhudza foda iliyonse popanda munthu kuganizira za chidacho. Inu mukufuna commit yokonza vuto lenileni kapena yowonjezera version yatsopano ya ROS. Deti la commit yotero ndilo lofunika.

Msampha wachitatu ndi ma bot, mapulogalamu amene amalemba ma commit okha. Onani amene akulemba:

git shortlog -sn --no-merges --since="1 year ago" origin/dzina_la_branch

Chotsani mayina onse othera ndi [bot], monga dependabot ndi pre-commit-ci. Repo ikhoza kuoneka yotanganidwa chaka chathunthu munthu asanaikhudze n'kamodzi komwe. Pa mayina otsalawo, onani mmene ntchito yagawikira. Ngati munthu mmodzi ndiye walemba pafupifupi zonse, chidacho chili moyo lero, koma moyo wake wadalira ntchito, thanzi ndi chidwi cha munthu ameneyo. Zida zambiri zothandiza zili choncho ndipo si chifukwa chozikanira. Ndi chifukwa chosungira kope yanu, monga tidzanenera kumapeto.

4. Ma issue ndi ma pull request

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri, chifukwa kusamalira chida kwenikweni ndi kuyankha anthu.

Yambani ndi ma pull request olowetsedwa. Mu bokosi lofufuzira lembani is:pr is:merged sort:updated-desc, kenako mutsegule 10 kapena 20 oyambirira. Pa iliyonse onani zinthu zitatu: anailemba ndani, anailowetsa ndani, ndipo panapita nthawi yaitali bwanji. Ngati muli ndi pulogalamu ya gh, lamulo limodzi limatulutsa zonsezi:

gh pr list --state merged --limit 20 --json title,author,mergedBy,createdAt,mergedAt

Chizindikiro champhamvu kuposa zonse ndi pull request ya munthu wakunja imene wosamalira anaiwerenga, anapempha zosintha, kenako anailowetsa. Zikusonyeza kuti vuto lanu likadzapezeka ndipo mukadzalikonza, pali khomo lolowera. Repo imene wosamalira amangolowetsa zake zokha, za anthu ena zikuwunjikana, ili ndi mwini koma ilibe wolandira alendo.

Tsopano tsegulani ma pull request amene adakali otsegula. Funafunani ang'onoang'ono, a mizere iwiri kapena isanu, okonza vuto loonekeratu monga dzina la header kapena la phukusi limene linasintha. Pull request yotere siifuna nthawi yambiri kuiwerenga. Ikakhala miyezi 6 osayankhidwa, pansi pake anthu akungofunsa kuti ilowa liti, ndiye kuti amene ali ndi makiyi sakubweranso.

Ku ma issue, chiwerengero cha otsegula chisakuopseni. Pulojekiti yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri imakhala ndi mazanamazana. Lembani is:issue is:open sort:created-desc muone 10 atsopano, ndipo muone amene akuyankha. GitHub imaika kachizindikiro pambali pa dzina: Owner, Member ndi Collaborator ndi anthu a mkati. Contributor ndi munthu amene analowetsapo kanthu kale, koma sizitanthauza kuti ali ndi mphamvu yolowetsa za ena. Ngati amene akuyankhana ndi ogwiritsa ntchito okhaokha, akugawana njira zozembera vuto, anthu alipo koma wosamalira palibe.

Onaninso ma issue otsekedwa, ndipo muone amene anawatseka. Ma repo ena ali ndi bot imene imaika chizindikiro cha stale pa issue yokhala chete, kenako n'kuitseka. Repo yotere imaoneka yaukhondo pamene mavuto ake sanakonzedwe. Pomaliza fufuzani dzina la version yanu, monga jazzy kapena 24.04. Issue yofunsa za Jazzy imene yakhala chaka osayankhidwa yakuuzani zambiri.

5. Kodi zokonzazo zikufika kwa ogwiritsa ntchito?

Kulowetsa khodi ndi kuitulutsa ndi ntchito ziwiri, ndipo nthawi zina zimachitidwa ndi anthu osiyana. Onani ma tag, zizindikiro za version zotulutsidwa, ndi git tag --sort=-creatordate, kenako muwerenge ma commit amene abwera pambuyo pa tag yomaliza:

git log --oneline dzina_la_tag..origin/dzina_la_branch | wc -l

Ngati ndi ambiri ndipo tag ndi ya zaka ziwiri zapitazo, zokonza zili mu git koma amene amaika ndi apt sakuzilandira. Gawo lalitali la Forthcoming mu CHANGELOG.rst likunena zomwezo.

Phukusi la ROS likatulutsidwa, limalembedwa mu repo ya ros/rosdistro, mu fayilo ya distribution.yaml ya version iliyonse. Tsegulani ya version yanu mufufuze dzina la repo. Ngati pali gawo la release, phukusilo limamangidwa ndipo limapezeka ndi apt. Ngati pali source pokha, muyenera kumanga nokha. Pali mzere wa status umene umakhala developed, maintained, unmaintained kapena end-of-life. Awiri omalizawa akhulupirireni. Awiri oyambawo musawadalire kwambiri, chifukwa mzerewu umalembedwa ndi munthu, ndipo munthu amene wasiya pulojekiti mwakachetechete sabwerera kudzausintha. Zothandiza kwambiri ndi kufananiza: ngati phukusi lili mu Humble koma mulibe mu Jazzy ndi Rolling, palibe amene analinyamula kupita nalo patsogolo.

Pali deti lina limene limapusitsa anthu ambiri. Mukayendetsa apt-cache policy pa phukusi la ROS, version imaoneka motere: 1.2.3-1jammy.20240105.101500. Manambala ataliwo ndi tsiku ndi nthawi imene makina a build farm analimanga, osati tsiku limene wosamalira analitulutsa. Makinawo amamanganso phukusi nthawi iliyonse phukusi lina limene limadalira likasintha. Choncho khodi ya zaka zinayi zapitazo imatha kukhala ndi deti la mwezi watha. Yang'anani manambala atatu oyambirira, muwafananize ndi deti la tag.

6. Mayeso odziyendetsa okha

Tsegulani tsamba la Actions muone tsiku limene mayeso anayenda komaliza ndi mmene anathera. Kabaji kobiriwira ka mu README kamangonena za ulendo womaliza, ngakhale utakhala wa kalekale. GitHub imazimitsa mayeso a pa ndandanda mu repo ya poyera ikakhala masiku 60 popanda chochitika, ndiye repo yosiyidwa imatha kukhala yobiriwira chifukwa palibenso akuiyesa. Mu foda ya .github/workflows onani ma version amene akuyesedwa. Mzere wa runs-on: ubuntu-20.04 sungayendenso, chifukwa GitHub inachotsa makinawo mu 2025. Repo yongokhala ndi .travis.yml yokha nthawi zambiri inasiya kuyesedwa kale, popeza travis-ci.org inatsekedwa mu 2021.

7. Werengani sikiripiti musanaiyendetse

Zida zokhazikitsira zimasiyana ndi mapulogalamu ena pa mfundo imodzi yaikulu: zimayenda ndi sudo. Zimalemba mu /etc/udev/rules.d, /etc/systemd/system ndi /etc/apt/sources.list.d, zina zimasinthanso kasinthidwe ka netiweki. Chida chakale chikalephera pakati, chimasiya makina ali theka. Choncho ngati README ikuti mutenge sikiripiti ndi curl n'kuiponya mu bash mwachindunji, musatero. Isungeni kaye mu fayilo, muiwerenge yonse.

Ukalamba wa sikiripiti umaoneka msanga mukadziwa pofunika kuyang'ana. Mzere woyamba ukakhala #!/usr/bin/env python, kapena mukapeza print yopanda mabulaketi, nthawi zambiri ndiye kuti inalembedwera Python 2, imene inatha pa 1 Januwale 2020. Mayina a maphukusi oyamba ndi python- m'malo mwa python3- akunena zomwezo. Lamulo la apt-key add ndi njira yakale yoikira makiyi. Kiyi ya maphukusi a ROS inathapo nthawi mu 2021 komanso mu 2025, ndiye sikiripiti yonyamula kiyi yakale imaimitsa apt ndi uthenga wa EXPKEYSIG kapena NO_PUBKEY. Lamulo la sudo pip install limakanidwa pa Ubuntu 24.04 ndi Debian 12 ndi uthenga wa externally-managed-environment. Khodi yoitana distutils kapena imp imagwa pa Python 3.12, yomwe ndi ya Ubuntu 24.04, chifukwa zonse ziwiri zinachotsedwamo.

Pa Raspberry Pi pali zina. Raspberry Pi OS ya Bookworm, ya 2023, inasamutsa config.txt kupita ku /boot/firmware/, inasiyanso dhcpcd n'kutenga NetworkManager. Sikiripiti yolemba mu /boot/config.txt kapena /etc/dhcpcd.conf imatha kumaliza popanda kudandaula, koma UART kapena I2C osatseguka ndipo IP yosasintha osagwira. Ili ndi vuto loipa kuposa kugwa, chifukwa mumayamba kukayikira mawaya. RPi.GPIO nayo sigwira pa Raspberry Pi 5.

Onaninso maadiresi onse amene sikiripiti imatengako mafayilo, ndipo muwayese ndi curl -I. Adiresi yakufa imaimitsa ntchito. Adiresi imene domain yake inatha n'kugulidwa ndi munthu wina ndi yoopsa, chifukwa chilichonse chochokera kumeneko chiyenda ndi mphamvu za root pa loboti yanu.

8. Yesani pa makina oyera

Zonse zapitazi ndi umboni wapambali. Umboni weniweni ndi kuyesa, ndipo musayese pa kompyuta yanu ya tsiku ndi tsiku, chifukwa ili kale ndi maphukusi amene angabise zosoweka. Gwiritsani ntchito container, kamakina koyera kamene Docker imapanga mkati mwa kompyuta yanu:

docker run -it --name mayeso ros:jazzy bash

Sinthani jazzy ndi version yanu, ndipo musaike --rm chifukwa container tiifunanso. Mkatimo chitani izi:

apt-get update
mkdir -p /ws/src && cd /ws/src
git clone -b dzina_la_branch adiresi_ya_repo
cd /ws
rosdep update
rosdep install --from-paths src --ignore-src -y
colcon build
colcon test
colcon test-result --verbose

Malangizo ambiri amaika -r pa rosdep install. Pano musaike, chifukwa -r imauza rosdep kuti ipitirire ngakhale china chalephera, pamene inu mukufuna kuona cholepheracho. Tsatirani README ndendende, osakonza kanthu ndi nzeru zanu paulendo woyamba. Mukuyesa chida pamodzi ndi malangizo ake.

Mauthenga olakwika amanena msinkhu wa vuto. "Cannot locate rosdep definition for" akutanthauza kuti phukusi lina lofunika silinatulutsidwe pa version yanu, kapena dzina lake linasintha. Pamenepo kufufuza konseku kuyenera kubwerezedwa pa phukusi limenelo, chifukwa chida chosamalidwa bwino chimene chaima pa phukusi lakufa chili m'mavuto omwewo. Ngati version yanu inatha kale, dziwani kuti rosdep update imailumpha pokhapokha mutawonjezera --include-eol-distros. CMake ikadandaula kuti sikupeza catkin, mwatenga branch ya ROS 1. Kusowa kwa cv_bridge/cv_bridge.h pa Jazzy ndi vuto laling'ono, fayiloyo tsopano ndi cv_bridge.hpp, ndipo mzere umodzi umakonza. Kusowa kwa gazebo_ros pa Jazzy ndi vuto lalikulu, chifukwa kumafuna kusamukira ku ros_gz ndi Gazebo Harmonic. Lembani vuto lililonse ndi kukula kwake. Mndandanda umenewu ndiwo mtengo wa kusamalira chidacho nokha.

Chikamangika, chiyendetseni, kenako mutuluke mu container mulembe docker diff mayeso. Mudzaona fayilo iliyonse imene yawonjezedwa, yasinthidwa kapena yachotsedwa, yokhala ndi chilembo A, C kapena D. Yang'anani kwambiri za mu /etc.

Container ili ndi malire. Mulibe systemd yoyenda, mulibe udev, ndipo chida chokhala ndi mawindo monga MoveIt Setup Assistant chimafuna X11, imene mungaipereke ndi rocker --x11 kapena kugwiritsa ntchito virtual machine. Mayeso omaliza achitike pa bolodi yeniyeni, koma ndi khadi ya SD ina yolembedwa kumene, khadi yogwira ntchito ija mutaichotsa n'kuisunga. Mukatha kukhazikitsa, zimitsani ndi kuyatsa kawiri, muzule ma USB n'kuwabwezera mosinthanitsa, muone ngati mayina a mu /dev sanasinthe ndipo systemctl status ikuonetsa service ili moyo. Ngati doko la serial likukana, onani kaye ngati muli mu gulu la dialout musanaloze chala chida. Pa Ubuntu 22.04 pulogalamu ya brltty imalandanso ma adaputa a CH340, doko n'kuzimiririka. Pa mayeso onsewa mawilo akhale m'mwamba, mkono ukhale ndi malo okwanira, ndipo batani loimitsa mwadzidzidzi likhale pafupi ndi dzanja. Chida chakale chikhoza kulemba malire a liwiro kapena a ma joint m'dzina la parameter limene pulogalamu yatsopano siliwerenganso, loboti n'kuyenda ndi manambala amene inu simunasankhe.

9. Funsani eni ake

Ngati simunatsimikizebe, tsegulani issue, mutaona kaye kuti wina sanafunse kale. Funso longoti pulojekitiyi yafa kodi silikoma kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri popanda malipiro, ndipo kawirikawiri siliyankhidwa. Nenani version ya Ubuntu ndi ROS, malamulo amene munayendetsa, uthenga wolakwika wonse, kenako mufunse ngati akulandira ma pull request a version imeneyo. Kuposa apo, tumizani pull request yaing'ono yokonza vuto limodzi mwa amene munapeza. Dikirani masabata atatu kapena anayi. Yankho lililonse ndi lothandiza, ngakhale loti nthawi alibe, chifukwa mwadziwa pamene mwaima ndipo mwina angakupatseni inu makiyi.

10. Chigamulo, ndi zochita pambuyo pake

Kukhala chete si kufa nthawi zonse. Chida chaching'ono chochita ntchito imodzi, chopanda zodalira zambiri, chimatha kukhala zaka ziwiri osasinthidwa chifukwa palibe chosintha. Mudzachizindikira motere: chamangika ndi kuyenda pa version yanu, ma pull request odikira ndi ochepa, ndipo funso likabwera wosamalira amayankha. Chimenechi chigwiritseni ntchito. Chida chimene ma commit ake ndi a ma bot, zokonza zazing'ono zikudikira kwa chaka, ndipo pa makina oyera chikugwa, chasiyidwa, kaya status ikunena chiyani.

Chikakhala chosiyidwa, onani kaye ngati wina anachitenga. Mu Insights, tsamba la Forks limalola kusanja motsatira amene asinthidwa posachedwa, ndipo Network imaonetsa amene apita patsogolo. Ma fork ambiri ndi makope chabe, kapena ali ndi zosintha za loboti ya munthu mmodzi. Fork yoyenera kuidalira ili ndi ma issue otsegulidwa, ma tag akeake ndi anthu oposa mmodzi, ndipo muipime ndi masitepe omwewa.

Musanapange fork yanu werengani LICENSE. BSD, MIT ndi Apache 2.0 zimakulolani kusintha ndi kugawa bola musunge mawu a layisensi ndi a copyright. GPL imafuna kuti mukagawa chosinthidwacho mugawenso khodi yake pa layisensi yomweyo. Repo yopanda layisensi, ngakhale ili poyera, sikupatsani chilolezo chogawa zimene mwasintha.

Kaya chida chili moyo kapena ayi, sungani zanu, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamulo la vcs export --exact src > loboti.repos limalemba commit yeniyeni ya repo iliyonse, ndipo vcs import src < loboti.repos limabwezera zomwezo tsiku lina. Musaloze ku dzina la branch, chifukwa branch imasuntha ndipo imatha kufufutidwa. Kope yathunthu ya repo itengeni ndi git clone --mirror. Ngati mwatsekeka pa version ya ROS imene inatha, maphukusi ake omaliza ali pa snapshots.ros.org, koma kumbukirani kuti salandiranso zokonza za chitetezo, ndiye loboti yotero isakhale pa netiweki yotseguka.

Chomaliza ndi chimene chimachepetsa kudalira chidacho. Zimene chida chokhazikitsira chimatulutsa ndi mafayilo wamba: malamulo a udev, fayilo ya service, SRDF, mafayilo a YAML a ma controller ndi a malire a ma joint. Tengani mndandanda uja wa docker diff, mukopere mafayilo onsewo mu repo yanu, ndipo pa iliyonse mulembe malo ake, mwini wake ndi permission yake. Onjezani mndandanda wa maphukusi amene chinaika, umene uli mu /var/log/apt/history.log, ndi magulu amene chinalowetsamo wogwiritsa ntchito. Kenako tengani khadi ina yoyera, muike mafayilowo ndi manja popanda kuyendetsa chidacho, muyendetse udevadm control --reload-rules ndi systemctl daemon-reload, mutsegule service ndi systemctl enable, muzimitse n'kuyatsanso. Ngati china sichinadzuke, ndiye kuti pali chimene chidacho chimachita chimene simunachilembe, ndipo muyenera kubwerera mu sikiripiti kukachipeza.